Ndaona Adulira Kuwala Njira

Mutu Wachisanu

1. Nyali yachikasu

Mphepo ya mwezi wa Ogasiti ku komboni ya Matero siipatsa munthu mtendere. Imatola fumbi ndi mapepala pamsika n'kudzazithira m'maso mwa aliyense woyenda pamsewu. Lachisanu limenelo inayamba kusanatenthe, ndipo Ndaona naye anali ngati mphepoyo, wosatha kukhala malo amodzi.

Boma litatsegula malonda a matelefoni, makampani anamera ngati bowa. Iliyonse inkakumba ngalande yake m'mbali mwa msewu, osaikwirira bwino, ana n'kumagweramo. M'ngalandemo ankayala nthambo zatsopano zotchedwa faiba. Nthambo zimenezi zilibe mkuwa. Mkati mwake muli ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi, ndipo mawu a pafoni ndi uthenga wa pa intaneti zimayendamo ngati kuwala kophethira mofulumira.

Imodzi mwa makampaniwo inali Mphezi Linki. Inatenga achinyamata awiri kuti iwayese ntchito, mtsikanayu Ndaona ndi mnyamata dzina lake Wilbroad. Malo anali amodzi okha. Nthawi yoyesedwa inali kutha, ndipo Lolemba lotsatira mmodzi anayenera kubwerera kunyumba. Ndaona ankadziwa bwino zimene zinkamudikira kunyumbako: beseni la vitumbuwa ndi mpando pageti, monga momwe anakhalira chaka chathunthu atamaliza Giredi 12.

Wilbroad ankakhala ku ofesi pafupi ndi mabwana. Koma Ndaona mabwanawo anamupereka kwa ba Goliati, nkhalamba yomwe inakwera mapolo a telefoni zaka zambiri isanachotsedwe ntchito pamene kampani ya boma inkachepetsa anthu. Tsopano ankagwira ya kontirakiti, yoti akhoza kukuuzani m'mawa kuti masana musabwere.

Tsiku limenelo Ndaona ndi ba Goliati anali m'kanyumba kachitsulo ka kampani kumapeto kwa Matero, komwe kunkafikira nthambo yochokera ku Kabwe. Pa makina panali nyali yachikasu yomwe inakhala ikuyaka sabata yonse. Tanthauzo lake linali lakuti kuwala kukufika kofooka. Injiniya wawo, mayi wotchedwa ba Chisala, anawatuma kuti akapeze chifukwa chake.

Ndaona anatenga mita yoyezera kuwala. Anayeza apa, anayeza apo, mpaka anafika pa bokosi lina lotuwa, laphwatalala, lomwe linali pansi pa makina onse. Anayeza polowera, anayezanso potulukira, ndipo maso ake anawala.

"Ba Goliati, kawalala namupeza. Ni ili bokosi. Kuwala kungena bwino, pochoka kwafooka maningi. Muli chani umu?"

"Muli ulusi," anayankha ba Goliati osatembenuka.

"Ulusi chabe?"

"Ulusi wagalasi, wokulungidwa ngati wa telala. Utautambasula ungachoke pano mpaka kupitirira komboni ya Kalingalinga."

Ndaona anaseka. "Manje kuwala kwachoka ku Kabwe, kwafika kolema, imwe mukuzungulitsanso mu bokosi? Ni monga basi yafika pa siteshoni, kondakitala akamba ati tiyambe tazunguluka tauni yonse."

2. Maliro awiri

Ba Goliati anaika pansi kansalu komwe ankapukutira. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa njanji, ndipo Chichewa cha kwawoko sichinawachoke pakamwa.

"Khala pansi, mwana iwe. Miyendo yako ikundichititsa chizungulire."

Ndaona anakhala pa chitini cha penti, bondo likugwedezeka.

"Chaka chimene anatichotsa ntchito tinaika anzathu ambiri. Munthu ukamulanda ntchito sachedwa kudwala, koma zimenezo mabwana salemba. Tsiku lina maliro awiri ananyamuka kumochale motsatizana kupita kumanda a ku Chingwere. Athu anali kutsogolo, a anthu ena a ku Chawama kumbuyo. Ponyamuka aliyense anali m'gulu lake, pakati pali mpata wabwino. Koma pamaliro pamakhala timagalimoto ta olemera tothamanga, pamakhalanso malole okalamba ofuka utsi. Msewu ukatalika gulu limatambasuka. Othamanga a ku Chawama anapeza malole athu otsalira, nawapitirira. Pofika kumanda tinali titasakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Amayi a kwaya yathu anaimba nyimbo ziwiri pa bokosi la munthu amene sanamuonepo. Wamasiye wathu anamutsitsira pa dzenje la mwamuna wa mwini."

Ndaona anadziletsa kuseka. "Nanga vikugwirizana bwanji na faiba?"

"Ba Chisala anandifotokozera ndi masamu, ine ndinamvera pa maliro amenewo. Makina a ku Kabwe amatumiza kuwala timagulu timagulu, tothithikana kwambiri chifukwa anthu masiku ano afuna zonse zifike dzulo. M'kagulu kalikonse muli mitundu ya kuwala yoyandikana, ina yoyenda msanga, ina yochedwerapo pang'ono. Pa mtunda waufupi palibe vuto. Koma pa mtunda wautali kagulu kamatambasuka, mutu wake n'kulowa kumchira kwa kanzake. Makina a kuno akayang'ana sadziwa kuti ili ndi gulu liti, lathera pati. Tsono ulusi wa m'bokosimo anaupanga mosemphana ndi wa mumsewu. Amene anathamanga kunja, m'menemo amachedwa. Amene anatsalira, m'menemo amapeza anzake. Potuluka gulu lililonse labwerera pamodzi."

"Koma lidya kuwala."

"Inde limadya. Wosonkhanitsa anthu naye amadya. Analiwerengera kale amene anamanga makinawa. Chimene chafooketsa kuwala sabata ino chili kwina, ndipo ndikuganiza kuti ndi kudzenje la nthambo kuseri kwa tchalitchi, komwe anyamata anakumba usiku wina poyesa muli mkuwa. Inu ana a masiku ano mukaona chinthu chozungulira mumati n'chopusa, mufuna kudula. Ndaona anthu ambiri odula njira, ena ovala mataye. Anadula kampani yathu, anadula penshoni, lero misewu yonse ndi maenje. Bokosi ili usalikhudze. Wandimva?"

"Namvela, ba Goliati."

Lamulo la kampani linali lakuti wophunzira asatsale yekha m'kanyumbamo. Koma ntchito inafuna anthu awiri malo awiri. Ba Goliati anakanda kumutu, kenaka anamusiyira kiyi.

"Ine ndikagwedeza nthambo kudzenje kuja. Iwe yang'ana pa makinapa. Nambala ya kuwala ikasintha, undiimbire. Chitseko chikhale chotseka, fumbi ndi mdani wa galasi."

Anatuluka akukoka mwendo umodzi, monga ankayendera masiku onse.

3. Chingwe chachifupi

Ndaona anayang'ana nambala. Sinasinthe. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Malata a kanyumbako ankalira ndi mphepo. Anatsegula chikwama chake, anachitseka. Anawerenga zolembedwa pa bokosi lotuwa lija ngakhale kuti anali ataziwerenga kale.

Foni yake inalira. Unali uthenga wochokera kwa Wilbroad: "Ba Chisala anitenga ku miting'i ya mabwana dzulo. Iwe ukali kupyanga fumbi na ba mdala?"

Anauwerenga kawiri. Kenaka anayang'ana nyali yachikasu ija.

M'chikwama mwake munali chingwe chachifupi chachikasu cholumikizira makina, chotalika ngati mkono. Zipangizo pakampanipo zinkasowa kawirikawiri, choncho Ndaona ankapaka kadontho ka kyutekisi yofiira pa chilichonse chimene anapatsidwa, yomweyo imene ankapaka m'zikhadabo zake. Chingwecho chinali ndi timadontho tiwiri, kumutu uku ndi uku.

Anagwada. Anazula nthambo yolowa m'bokosi, anazula yotuluka, n'kuzisiya pansi osazivundikira. Pamalo pake analumikiza chingwe chake, kuti kuwala kochokera ku Kabwe kulowe m'makina mosadzera m'bokosi.

Nyali yachikasu inazima. Inayaka yobiriwira. Nambala ya kuwala inakwera kuposa mmene anaionerapo chiyambire.

Ndaona anaomba m'manja kamodzi. Anaganiza zoimbira ba Chisala, koma anati ayambe wagula chinangwa chootcha kuti mawu asamanjenjemere. Anatuluka mothamanga, chitseko n'kuchisiya pululu.

Kunja kwa mpanda kunkakhala ba Mainess, mayi wogulitsa chinangwa ndi nsawawa. Anawapeza ataimirira, foni ili m'mwamba ngati akuitana basi.

"Halo? Halo? Deborah?" Anaigwedeza foniyo, naiikanso kukhutu. "Iwe mwana wa mafoni, bwela uone. Nenze kukamba na mwana wanga ku chipatala ku Kitwe. Mimba yamuvuta, akamba ati amutwala ku fyeta kukachita opaleshoni, basi foni yaduka. Nayesa futi, siingena."

"Kapena mulibe tokotaimu, amai."

"Naikamo manje manje. Usanione monga chipuba."

Tsidya la msewu anyamata anayamba kutuluka m'kashopu ka intaneti akukalipira mwini wake. Wogulitsa makala pafupi nawo ankayenda uku ndi uku, foni ili kukhutu, akutukwana munthu wa ku Kapiri yemwe sankamumva.

Ndaona sanagule chinangwa. Anabwerera m'kanyumba muja. Nyali yake yobiriwira inali ikuyakabe bwinobwino. Koma pamwamba pake, pomwe sanayang'ane poyamba, panali mzere wa nyali zofiira kuchokera uku mpaka uko.

Anazula chingwe chake n'kuchiponya pambali. Anatola nthambo za bokosi zija pansi. Mphepo inali italowa kale, ndipo timitu take tagalasi tinali titagona m'fumbi. Anazilumikiza momwemo. Nyali zofiira sizinasunthe. Anazula imodzi, anaipukuta ndi malaya ake mwamphamvu, anaibwezera. Tsopano ndi yobiriwira ija yomwe inafiira.

Foni yake inayamba kulira. Sanaiyankhe.

4. Fumbi pagalasi

Ba Goliati anafika akupuma ngati mvukuto, mawondo a ovolosi ali matope. Ba Chisala anali atawaimbira kale kuchokera ku ofesi. Anayang'ana chitseko chotsegula, nyali zofiira, ndi nkhope ya Ndaona. 

"Tseka chitseko. Ima uko."

Anatulutsa sipiriti ndi kansalu kawo. Kamutu koyamba kanayera. Kachiwiri, kamene Ndaona anakapukuta ndi malaya, anakayang'ana pa kagalasi kokulitsa zinthu, napukusa mutu. Mchenga unali utakakanda pakati penipeni. Panalibe kuchitira mwina koma kukadula n'kulumikiza katsopano.

Ntchito imeneyo siifuna changu. Ulusi woyamba unathyoka m'manja mwa nkhalambayo. Anayambanso. Foni yawo inkalira m'thumba osaleka. Ndaona ankasuntha kuchoka pakona ina kupita pa ina, akuluma chala.

Dzuwa linali litapendeka pamene nyali zofiira zinayamba kuzima imodzi imodzi. Inatsala yachikasu ija, monga zinalili m'mawa.

Potolera zipangizo, ba Goliati anawerama kuseri kwa chitini cha penti. Anatola kanthu kena n'kukaika m'thumba la pachifuwa. Ndaona sanaone, chifukwa maso ake anali pa vaneti ya kampani yomwe inkaima pageti.

5. Funso limodzi

Ba Chisala analowa atanyamula kompyuta yam'manja. Sanali munthu wokalipa, ndipo anthu ankawaopa chifukwa cha chimenecho.

"Copperbelt yonse, mpaka ku Kitwe, inaduka kwa ife," anatero. "Makampani amene timanyamulira mafoni afuna kalata yofotokoza. Manje onani apa. Makina amalemba vonse. Pa nthawi iyi kuwala kunakwera, koma uthenga wonse unasokonezeka. Kuwala kwamphamvu kopanda tanthauzo, monga msika wonse ukukuwa pamodzi. Mita imakuuzani chabe kuti phokoso ni lalikulu, siikuuzani ngati mau amveka. Chimene chingachite ivi ni chimodzi. Wina anadumpha bokosi. Ndani?"

Malata analira. Ba Goliati anatembenuka n'kuyang'ana Ndaona. Anamuyang'ana modekha, ngati munthu wogwirizira mnzake chitseko kuti alowe.

Ndaona anayang'ana nsapato zake.

"Ine siniziba, ba Chisala. Nenze panja, ninapita kugula tute kwa amai a chinangwa. Pobwela napeza vofiira."

Ba Chisala anapumira m'mwamba, natembenukira kwa nkhalamba ija. "Ba Goliati, ninakufotokozerani za bokosi ili ine mwine. Iyi si nthambo ya mkuwa yakuti ukaifupikitsa mau amveka bwino."

"Ndikudziwa, mayi."

"Nanga?"

"Kiyi anapatsidwa ndine," anatero ba Goliati. 

"Mwaona. Nipatseni. Mande m'mawa mukaonekere kwa mabwana. Siningakunamizeni, ivi ni vikulu."

Kiyiyo inali idakali m'thumba la Ndaona. Anaitulutsa, naipereka kwa ba Goliati, iwo naipereka kwa ba Chisala. Injiniyayo anaona zimenezo, koma foni yake inalira ndipo anatuluka kukayankha.

Atamaliza anakodola Ndaona pafupi ndi vaneti.

"Usaope, mlandu uyu ni wa akulu. Ninafuna kukuuza Mande, koma nkhope yako yanimvetsa chifundo. Tinasankha iwe. Tinamaliza kukamba pa Chitatu. Wilbroad akamba maningi, iwe uli na manja abwino. Mande m'mawa ubwele na legi yako, chitupa cha boma, uzasaine."

Pa Chitatu. Ndiye kuti m'mawa wonse uja, pamene ankavina pa chitini cha penti ndi kuwerenga uthenga wa Wilbroad, ntchito inali kale yake.

"Zikomo, ba Chisala," anatero.

6. Pa siteji ya basi

Ba Goliati anakana kukwera vaneti. Ananyamula chikwama chawo n'kulunjika kumsewu wa mabasi a ku George, komwe ankakhala. Podutsa pa ba Mainess anaima.

"Yagwira foni, mayi?"

"Yagwira manje. Ayankha ni nesi. Akamba ati mwana wabadwa, koma Deborah akalibe kuuka. Ati enze kuniitana pomungenetsa." Anatembenuza chinangwa chomwe chinali chitapserera kale. "Imwe a mafoni, Mulungu akuoneni."

Ndaona anamva zonsezo ali kumbuyo. Anawatsatira ba Goliati patali, akufulumira, akuima, akufulumiranso. Anawapeza pa siteji.

"Ba Goliati."

"Wabwera kudzandiperekeza kumanda?"

"Ninaopa chabe. Pa nyumba palibe wina osebenza. Amai..."

"Usandiuze za amayi ako. Aliyense ali ndi amayi ake." Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa natulutsa chingwe chachifupi chachikasu. Timadontho tiwiri tofiira tinkaoneka bwino padzuwa.

Ndaona anatambasula dzanja. Iwo anabweza.

"Mvetsera, pakuti sindidzabwerezanso. Kudumpha bokosi si mlandu waukulu kwa ine. Unafuna kuonetsa nzeru, unalakwa, ukanaphunzira. Ine ndinalakwanso kukusiya wekha, ndipo zimenezo ndikavomera ndi pakamwa panga. Koma pamene mayi uja anafunsa, ndinakupatsa mpata, iwe unadulanso njira kachiwiri, ndipo ulendo uno unadulira pamsana panga. Usaganize kuti ndinakhala chete chifukwa ndine munthu wabwino. Ubwino unandithera chaka chija cha maliro. Anandichotsapo kale ntchito kamodzi chifukwa cha zochita za ena, ndinapita kunyumba mwaulemu, ndipo ulemuwo ana anga sanadye. Ulendo uno sindipita choncho. Ndili ndi adzukulu atatu ku George, mayi wawo tinaika."

"Manje muzachita bwanji?"

"Chingwe ichi sindikupatsa, sindichitayanso. Lolemba ndilowa nacho mu ofesi chili m'thumba muno. Iwe udzakhala kale komweko ndi legi yako. Ukayamba ndiwe kulankhula, chikhala m'thumba, ndipo ndidzawapempha kuti asakuthamangitse, ngakhale sindikulonjeza kuti adzandimvera. Ukakhala chete, ndichiika patebulo. Pakampani ponse palibe amene sadziwa mwini wa utoto uwu."

"Vonse viwili ningataye nchito."

"Ungataye. Njira imodzi ndi yozungulira, imadya munthu, koma amatulukira ali wathunthu. Inayo waiona wekha lero."

Basi ya buluu inaima, kondakitala akumenya chitseko. "George, George! Ba shikulu, tiyeni, malo alipo!"

Ba Goliati anabweza chingwe m'thumba, anamanga batani, nakwera movutikira. Sanayang'ane m'mbuyo.

Ndaona anatsala pa siteji, mphepo ikumuthira fumbi m'miyendo. Basi ya kwawo inabwera, inadzaza, inapita. Inabwera ina, osakwera. Foni inalira m'chikwama, ndipo ataitulutsa anaona kuti ndi amayi ake, omwe Lachisanu lililonse ankafunsa funso limodzi lomwelo, ngati mabwana anenapo kanthu.

Anaisiya ikulira. Maso ake anali pa zikhadabo zake khumi zofiira. Anakweza chala chachikulu n'kuyamba kupala utotowo ndi mano, kenaka ndi m'mphepete mwa chitsulo cha siteji. Unkangochoka pang'ono m'mbali. Kyutekisi ya pamsika wa Matero ndi yotchipa, koma siichoka msanga, ndipo Lolemba silinali kutali.